Alipo amene akumukumbukirabe Xena? Tisheti yake yatha miyezi itatu pa benchi langa

Nabanda_waTsoka

Moni abale ndi alongo. Ine ndimagulitsa kaunjika ku msika wa Tsoka, mbali ya zovala za amayi, ndipo chino ndi chaka cha khumi ndi chimodzi ndili pa benchi lomwelo. Nkhani ndabwera nayoyi ena aiona ngati yachibwana, koma ine yandikhala pamtima, ndiye ndati ndifunse kuno.

Mwezi wa Juni tinasonkherana ndi mnzanga woyandikana naye benchi n'kugula belo la matisheti. Masiku ano belo munthu mmodzi salifikira, paja ndi mitengo yomweyi imene inatiyendetsa mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025. Titadula mawaya, tikugawana monga mwa masiku onse, iyi yako iyi yanga, ndinatola tisheti yakuda yosuluka, khosi lake lotambasuka pang'ono. Kuitembenuza chonchi, maso ndi maso ndi Xena, mkazi wankhondo uja wa m'sewero lakale la pa kanema. Chovala chake chachikopa chija, lupanga kumsana, mkombero wachitsulo uja amati chakram uli m'dzanja. Ndinaimba nthungululu pomwepo, mpaka anthu anatembenuka poganiza kuti ndatola madola m'belo.

Mtsikana amene amandithandiza, wa zaka 19, anaiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Anti, ameneyu ndi woimba?"

Ine Xena ndinamudziwira ku Kawale ndili Sitandade 7. Malume anga ankayendetsa thiraki ya ku Joni, ndipo ulendo wina anabwera ndi matepi atatu ojambulidwa ndi mnzawo kumeneko, olembedwa ndi bolopeni pamsana. Loweruka masana ana a mzere wonse tinkadzaza pabalaza pawo, ena pansi, ena pawindo. Tikatuluka, chivundikiro cha poto chinkasanduka chakram, phesi la chimanga lupanga. Amayi anandikalipira kangapo chifukwa cha zivundikiro zopindika. Chimene sindidzaiwala n'chakuti pa masewera amenewa anyamata ndi amene ankapempha malo. M'mafilimu ena onse amene tinkaonera, mkazi ntchito yake inali kulira ndi kudikira womupulumutsa. Uyu ankadzipulumutsa yekha, n'kupulumutsanso mudzi wonse, ndipo mfuu yake inali nthungululu yeniyeni ngati ya amayi athu pa chinkhoswe. Ndiponso sanali woyera mtima chibadwire. Anali atapha anthu ambiri, ndipo moyo wake wonse wotsala unali wofuna kukonza zimene anawononga. Ndili mwana sindinkazimvetsa bwino, koma lero ndi zimenezo zimene zimandikhudza kwambiri.

Ndiye tisheti ija ndinaipachika kutsogolo penipeni, pa hang'ala, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti pofika masana mzimayi wina wa msinkhu wanga aiona n'kukuwa ngati ine. Lero miyezi itatu yakwana. Anthu amaigwira, kuyang'ana nsalu, n'kuisiya. Mmodzi anati ndi Wonder Woman. Pomwe jezi ya Arsenal ikapezeka m'belo siimafika teni koloko, ndipo za ana zojambula Spider-Man amayi amachita kulimbirana.

Zinandiwawa mpaka ndinayamba kumufufuza. Ndazungulira kwa anyamata oika mafilimu m'mafulashi ku Malangalanga, ku depoti, ku Nsungwi mpaka ku Chinsapo. Aliyense amatsegula kompyuta, kulemba dzina, n'kupukusa mutu. Mmodzi anandiuza kuti, "Mayi, zimenezo zinapita ndi deki." Pa zaka zonsezi ndikumasula mabelo, iyi ndi tisheti ya Xena yoyamba kuiona, kusonyeza kuti ngakhale kumene kumachokera zovalazi kulibenso ambiri oivala.

Ndiye ndifunse. Kodi muno mu Lilongwe alipo amene anasunga madisiki ake? Nanga chimachitika n'chiyani kuti chinthu chimene dziko lonse linkachikonda chingozimiririka chonchi, osapezekanso ngakhale kapu kapena chidole? Ndipo tishetiyi nditani nayo, nditsitse mtengo ipite?

Madala_aDeki

Mayi Nabanda, mwandidzutsira zakale. Ine ndinali ndi vidiyo sho ku Mchesi kuyambira 1998, chisakasa cha malata akale, mabenchi asanu ndi atatu, sikirini imodzi pamwamba pa shelefu, sipika panja yoitanira anthu. Pakhomo panali bolodi limene ndinkalembapo ndi choko mafilimu a tsikulo. Nthawi imeneyo TVM inali isanatsegulidwe, paja inayamba mu 1999, ndipo ngakhale itayamba nyumba zokhala ndi kanema kwathuko zinali zowerengeka. Ofuna kuonera ankabwera kwa ife.

Masewero a magawomagawo ambiri sankayenda mu vidiyo sho, chifukwa munthu walipira ndalama yake amafuna nkhani ithe tsiku lomwelo. Xena ankayenda chifukwa magawo ambiri anali nkhani payokha: mudzi wavutika, iye wafika ndi mnzake woyenda naye Gabrielle ndi kavalo wake Argo, ndewu, nkhani yatha mphindi zisanakwane 45. Ndinkamuika chakumasana ana akaweruka, ndipo ndikuuzeni zoona, ndi iye yekha amene ankandibweretsera atsikana ndi azimayi. Masiku a Rambo ndi Van Damme m'chisakasa munkakhala amuna okhaokha. Tsiku la Xena amayi ogulitsa mandasi pakhomo ankasiyira mwana beseni n'kulowa.

Mwina simudziwa kuti poyamba sanali ndi sewero lakelake. Anatulukira m'sewero la Hercules, lija la Kevin Sorbo, ngati mdani, magawo atatu okha, ndipo olemba anali atakonza zoti afe. Anthu atamukonda ndi pamene anamupatsa lake, loyamba mu 1995 n'kutha mu 2001, magawo 134. Ine onsewo sindinawapeze, ndinali ndi matepi khumi ndi awiri basi, ndipo ndinkangowabwereza. Palibe anadandaulapo.

Funso lanu lachiwiri ndiliyankha monga ndinaonera ndi maso anga. Anthu sanadane naye Xena ayi. Chinatha ndi malo okumaniranapo. Mpira wa ku England utayamba kuoneka pa dishi, tonse a mavidiyo sho tinathamangira kumeneko chifukwa Loweruka limodzi la mpira linkaposa sabata yonse ya mafilimu. Kenaka ma DVD otchipa anadzaza m'tauni, aliyense n'kumaonera kwake. Kenaka mafoni. Kale anthu makumi asanu ankatuluka m'chisakasa nthawi imodzi akukambirana chinthu chimodzi, mawa lake kusukulu nkhani n'kukhala yomweyo, amene sanaonere n'kumva manyazi. Lero m'nyumba imodzi anthu asanu akuonera zinthu zisanu.

Matepi anga ndinawasunga m'katoni pansi pa bedi. Chaka china denga linadontha, nditatsegula ndinapeza onse achita chuku choyera mkati. Ndinayesa kupukuta imodzi ndi sipiriti, koma deki inaitafuna. Ndinakawataya kudzala ndekha, sindinafune kutuma mwana.

Tishetiyo musatsitse mtengo, mayi.

Tadala265

Anti, ndilankhule mosabisa monga wobadwa 2002. Nditawerenga positi yanu ndinakafufuza tizidutswa pa YouTube. Chithunzi chake n'chaching'ono, cha makona anayi ofanana, pa foni chimasiya mdima uku ndi uku, ndipo ndewu zake zimaonekeratu kuti anthu akukokedwa ndi zingwe. Ife tinakulira zina, ndiye diso linazolowera zina. Komanso bandulo ndi yodula, munthu sungaithere pa chinthu choti anzako sakuchidziwa. Kwathu ku Area 23 filimu imayenda ngati ma DJ aimasulira m'Chichewa. Ikakhala yosamasulira, ana ndi azimayi ambiri saifuna. Xena akanapeza womumasulira bwino mwina akanadzukanso, chifukwa mayiyo ndiye ndi wolusa ndithu, zimenezo ndavomereza.

Koma pa tisheti mukulakwitsa msika. Yosuluka choncho, ya zaka za m'ma 90, anzanga ena amaisakasaka, amati vinteji. Amadzuka m'mamawa kukasankha kwa inu komweko, kuchapa, kujambula bwino, n'kuika pa Instagram mtengo wake kuwirikiza kangapo. Sasamala kuti pajambulidwa ndani, amafuna maonekedwe akalewo. Yang'anani kalebulo ka m'khosi ngati pali chaka. Ngati chilipo, musaipereke pa mtengo wa mulu.

Phiri_Zosindikiza

Achemwali, ine ntchito yanga ndi yosindikiza matisheti, makapu ndi zipewa ku Old Town, ndiye mbali ya katunduyi ndiyankheko.

Katundu wa sewero sapangidwa chifukwa choti anthu amalikonda. Amapangidwa chifukwa wina wawerengera kuti agulitsa zochuluka mwachangu. Dzina la Xena ndi nkhope yake zili ndi eni ake, kampani ya Universal ya ku America. Wofuna kupanga zidole kapena malaya amayenera kugula chilolezo kwa iwo, ndipo kawirikawiri amalipiriratu ndalama ina asanagulitse kanthu. Pamene sewero linali pa kanema sabata ndi sabata, ndalama imeneyo inkabwerera, chifukwa gawo lililonse latsopano linali ngati kulengeza malonda kwaulere. N'chifukwa chake kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunali zidole za kampani ya Toy Biz, mabuku a zithunzi, mpaka magemu a PlayStation ndi Nintendo 64 amene anatuluka mu 1999. Sewero litatha, mwini sitolo amayang'ana shelefu yake n'kuona kuti malo omwewo akhoza kuikapo chinthu chimene ana akuchilirira lero. Inunso mumachita chimodzimodzi pa benchi lanu.

Taonani Star Wars. Inayamba mu 1977, kale kuposa Xena, koma matisheti ake mumawapeza m'mabelo nthawi zonse chifukwa eni ake amatulutsabe zatsopano, ndipo mwana aliyense wobadwa amakumana nayo. Jezi ya mpira n'chimodzimodzi: timu imasewera sabata iliyonse, ndipo chaka chilichonse jezi imasintha. Ndi chifukwa chake ya Bullets kapena ya Silver singagone pa hang'ala. Xena anayesa kumuukitsa. Kanema wa NBC analengeza mu 2015 kuti akukonza sewero latsopano, koma pofika 2017 anazisiya. Chitseko chinatsekekera pamenepo.

Kuno kwathu vuto limaposa apo. Kuti ndikonze sikirini ya chithunzi cha mitundu inayi, ndiye kuti masikirini anayi, ndipo ntchito imeneyo siipindula pa matisheti asanu. Matisheti opanda kanthu timagula ochokera kunja, inki nayonso, ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonsezi zinakwera koopsa. Amene amandipatsa ntchito ndi mipingo, makwaya, zipani, mabungwe, ana a Fomu 4 otsanzikana, a ukwati ndi a maliro. Onsewa ndi magulu amene amakumana maso ndi maso, ali ndi msungichuma wotolera ndalama. Okonda sewero alibe msungichuma.

Chimene chimandipweteka ine si Xena kwenikweni, chifukwa iye eni ake anamusunga bwino, madisiki ake anapangidwa ndipo adzapezekabe kwinakwake. Ndimaganiza za zathu. Tikuferanji anthu anaitsatira zaka zambirimbiri pa wailesi ndi pa kanema, mpaka dzina loti Manganya linaphimba dzina lenileni la a Michael Usi. Koma pa zaka zonse ndagwira ntchitoyi, palibe anabwerapo kudzandifunsa kapu kapena tisheti ya sewero lililonse la kuno. Mwana wanga akadzafuna kuona zimene zinkatiseketsa ife, ndidzamuonetsa chiyani chogwirika?

Wina akhoza kukuuzani kuti tingokopera chithunzicho tisindikize zathu. Ine sindingachite, ndi katundu wa eni, ndipo ndimadya za luso la anthu, ndiye sindifuna kuba luso la wina.

Mphunzitsi_waLikuni

A Nabanda, mlongo wanga, simuli nokha. Ine ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo madisiki ndili nawo, masizoni atatu oyambirira, enieni a m'bokosi. Anandigulira mchemwali wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester, anawapeza m'sitolo ya zinthu zakale pa mtengo wa buledi. Mtengowo ukukuuzani kale mmene zinthu zilili kumenekonso.

Komabe sindigwirizana ndi a Phiri kuti chitseko chinatsekeka. Chinachepa ndi msika waukulu, wa zidole za m'masitolo. Otsatira ake enieni alipobe, amalemba nkhani zawozawo za Xena ndi Gabrielle pa intaneti, ndipo kampani ya Dynamite inayamba kutulutsa mabuku ake a zithunzi mu 2006, patapita zaka zisanu sewero litatha. Kungoti anthuwo akukula, ndipo sakuwonjezekera.

Ndikuuzeni mmene ndinadziwira kuti m'badwo wasintha. Ndikamaphunzitsa za mapulaneti ndimakonda kufotokoza chifukwa chake Pluto anachotsedwa pa mndandanda mu 2006. Chinayambitsa ndi chinthu china chachikulu ngati Pluto yemweyo chimene katswiri wina, Mike Brown, ndi anzake anachitulukira mu 2005. Chisanapatsidwe dzina lenileni ankachitcha Xena, ndipo kamwezi kake ankakatcha Gabrielle. Pambuyo pake anachitcha Eris, kamweziko Dysnomia, mawu a Chigiriki otanthauza kusamvera malamulo, zimene zimakumbutsa dzina la mayi amene ankasewera Xena, Lucy Lawless wa ku New Zealand, paja Lawless m'Chingerezi ndi wosamvera malamulo. Zaka zoyambirira ndikanena zimenezi kalasi inkachita phokoso, wina kumbuyo n'kuimba mfuu ija. Chaka chatha ndinanena, ana makumi asanu ndi limodzi anangondiyang'ana, mmodzi n'kufunsa kuti Xena amalembedwa ndi Z kapena X, kuti alembe m'kope. Tangoganizani, dzina linafika mpaka kuthambo, koma m'kalasi mwanga ndi sipelo chabe.

Pali chinanso chimene a Madala sanachione chifukwa matepi awo sanafike kumapeto. Mathero a seweroli anapweteka anthu ambiri. Gawo lomaliza linachitikira ku Japan, ndipo Xena anaphedwa, mpaka kudulidwa mutu, Gabrielle n'kutsala yekha m'chombo atanyamula phulusa la mnzake. Anthu amene anayenda nawo zaka zisanu ndi chimodzi anakwiya kwambiri. Ine nditaonera ndinakhala chaka chathunthu osafuna kubwereza ngakhale gawo limodzi. Nkhani imene imatha ndi maliro oterowo ndi yovuta kuipatsira mwana wako mokondwa, ndipo ndimakhulupirira kuti zimenezi zinathandizira kuti ena aisiye. Kenaka mu 2002 Kevin Smith, amene ankasewera Ares, mulungu wa nkhondo uja, anamwalira atagwa ku China. Kwa ine kunali ngati nyumba yasasuka mbali ziwiri.

Loweruka ndimabwera m'tauni kudzagula zapakhomo. Ndidzadutsa ku Tsoka ndi madisikiwo, ndidzakudziwani ndi tisheti yopachikayo. Mudzabweza mukamaliza, palibe changu.

Nabanda_waTsoka

Zikomo nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. A Madala, nkhani ya matepi anu a chuku yandikumbutsa kuti a malume anga aja sindikudziwa n'komwe kumene anathera, malumewo atamwalira katundu anagawidwa mwachangu. A Phiri, mwanena zoona za shelefu, inenso chovala chikagona sabata ziwiri ndimachitsitsira pa mulu, ndiye sindingadandaule kuti masitolo anachita zomwezo. Tadala mwanawe, ndayang'ana kalebulo, palembedwa 1997. Mnyamata wina wa mavinteji wabwera kale kawiri, wachiwiriwu anawonjezera ndalama. Ndamukaniza.

Aphunzitsi anabweradi Loweruka. Tinaima pa benchi pafupifupi ola lathunthu tikukumbutsana za Callisto mdani wake wa Xena ndi Joxer woseketsa uja, makasitomala akudutsa, mnzanga woyandikana naye uja ndi amene ankandigulitsira. Madzulo ndinakabwereka DVD kwa aneba, chifukwa yathu inafa kalekale, n'kukhala pansi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri. Poyamba anali ndi foni yanga m'manja, akungoponya diso mwa apo ndi apo. Pofika pamene Gabrielle akuthawa kwawo usiku kuti atsatire Xena, foni inali pampando. Magetsi anazima tili pakati pa gawo lachitatu, ndipo ndi iyeyo amene anadandaula kuposa ine. M'mawa ndikukonza phala ndinamva mfuu kuseri kwa nyumba, kenaka chivundikiro cha ndowa chikugubuduzika pabwalo, kamng'ono kake kakuthawa.

Tisheti ndaichotsa pa hang'ala. Ndaichapa ndi manja, ndaiyanika mkati kunja kuti chithunzi chisapitirire kusuluka, ndipo ndasoka pang'ono pamene khosi linayamba kumasuka. Mwanayo imamufika m'mawondo, koma wanena kuti aivala choncho pa tsiku la zovala zakunyumba kusukulu kwawo.

Disiki yachiwiri ya sizoni yoyamba ikumaima pakati, ili ndi mzere wokandika. Ndaipukuta ndi kansalu kofewa koma sizinasinthe, ndiye amene akudziwa kakonzedwe kake andiuze ndisanaiwononge, paja ndi ya eni. Ndipo ngati wina ali ndi sizoni 4 ndi 5 andidziwitse pompano, ndidzabwera ndekha kudzatenga ngakhale kuli ku Lumbadzi. Ya 6 ija ndiyamba ndaisiya kaye mpaka mwanayu akuleko.